Kulondola mafilimu a ku Australia, kuchoka ku Melbourne mpaka ku Burra

Lolemba, Melbourne

Ndege yatera ku Tullamarine mbandakucha. Uno ndi Seputembala koma mphepo yake ndi ya Juni wa ku Dedza. Pa fomu yolowera m'dziko amafunsa ngati mwanyamula chakudya, mbewu, ziboliboli kapena nsapato zamatope. Ngati muli nazo chongani kuti inde, iwo ayang'ana n'kukubwezerani kapena kutaya. Kubisa ndiko kumabala chindapusa. Basi ya SkyBus imakutulani pa siteshoni ya Southern Cross, ndipo pomwepo gulani khadi la myki, chifukwa ndilo tikiti ya sitima, basi ndi thiramu. Pakatikati pa tawuni thiramu ndi yaulere.

Ulendo uno ndi woyeza chinthu chimodzi: ngati zimene timalemba za mafilimu a dziko lino tili kutali zili zoona. Ndayambira mu Collins Street, pa Athenaeum. Muno ndi mmene pa 26 Disembala 1906 anaonetsa The Story of the Kelly Gang, filimu yopitirira ola limodzi imene UNESCO inaiika m'kaundula wake mu 2007 ngati yoyamba padziko kufotokoza nkhani yaitali chotero. Zotsala lero ndi zidutswa za mphindi 17 zokha. Choncho amene walemba kuti filimuyi imayenda mwaulesi kapena kuti mathero ake ndi ofooka akuweruza chinthu chimene sanachione. Chimene chingaunikidwe ndi zidutswazo: kamera yoima pamalo amodzi, anthu ooneka thupi lonse ngati ali pa nsanja ya zisudzo, ndi madontho a filimu yowola amene akudya chithunzi cha Ned Kelly, chigawenga cha m'tchire chimene filimuyi ikufotokoza, ali m'chovala chake chachitsulo. Chovala chenichenicho chili ku State Library Victoria, mtunda woyenda pansi, ndipo kulowa n'kwaulere.

Pofika 1912 maboma a South Australia, New South Wales ndi Victoria anali ataletsa mafilimu a zigawenga za m'tchire zoterezi. Mtundu wa filimu umene anthu ankaukonda kwambiri unaphedwa ndi lamulo, osati ndi kusowa kwa luso.

Chakudya chamadzulo: payi ya nyama ndi khofi wa madola 5. Maso akulemera koma tulo palibe.

Lachiwiri, Woodend ndi Hanging Rock

Sitima ya V/Line yopita ku Bendigo imatenga ola limodzi kufika ku Woodend. Kuchoka pasiteshoni kukafika ku thanthwe ndi makilomita 7 kapena 8, ndipo musadalire kuti mupeza basi. Ndinali nditayamba kale wapansi pamene mayi ena achikulire, galu ali kumpando wakumbuyo, anaima n'kunditenga. Anakana ndalama ya mafuta.

Thanthwelo ndi laling'ono kuposa mmene limaonekera mu Picnic at Hanging Rock, filimu ya Peter Weir ya 1975 yonena za atsikana a sukulu amene anasowa pathanthweli. Ndi chiphalaphala chakale chimene chinauma n'kung'ambika kukhala zipilala, chotalika mamita oposa 100 pang'ono kuchoka pachigwa. Chimene chinalikuza ndi kamera. Wojambula, Russell Boyd, ankaiika pansi n'kuyang'anitsa m'mwamba, kotero kuti miyala imadzaza chithunzi ndipo atsikana amachepa. Chifunga chagolide chija sichili mumlengalenga wa pano. Chinabwera chifukwa cha kansalu ka velo ya ukwati kamene anakakuta pa lenzi, kamene kamamwaza kuwala pamalo owala kwambiri n'kufewetsa nkhope. Masana ano dzuwa linali loyera, lakuthwa, mithunzi yakuda bii. Wolemba kuti "kuwala kwa Australia ndi kofewa" akuyamikira velo.

Zolakwa zimene zimabwerezedwa pa filimu imeneyi n'zodziwika. Ambiri amalemba kuti nkhaniyi inachitikadi pa tsiku la Valentine mu 1900, pamene ndi yopeka, ya m'buku la Joan Lindsay la 1967. Ena amaika sukulu ya atsikanawo pafupi ndi thanthwe. Nyumba imene inajambulidwa ndi Martindale Hall ku Mintaro, m'chigawo china, South Australia, ulendo wa tsiku lathunthu kuchoka pano. Ndipo pali makope awiri: la 1975 ndi limene Weir anadulanso m'ma 1990, lofupika ndi mphindi 7. Madayirekita ambiri akabwerera ku filimu yawo amawonjezera, iye anachotsa. Mukatsutsana ndi mnzanu za chochitika china, yambani mwafunsana kuti aliyense anaonera kope liti.

Alendo amakwera n'kumakuwa dzina la mtsikana wosowa uja, Miranda. Koma malo ano ndi a anthu a Wurundjeri, Dja Dja Wurrung ndi Taungurung, amene anachotsedwa pano zenizeni, osati m'buku. Mu 2017 panabuka kampeni yotchedwa Miranda Must Go yodandaula za chimenechi, kuti mtsikana wopeka amalilidwa kuposa mitundu itatu ya anthu. Ndemanga yolembedwa lero yosakhudza mfundo imeneyi ndi yotsalira.

Pakati pa miyala njira zimafanana, ndipo ndivomere, mtima unagunda nditasiya kumva mawu a anthu.

Lachitatu, Melbourne

Tsiku lonse ku ACMI, nyumba yoonetsa mbiri ya mafilimu, pa Federation Square. Chionetsero chokhazikika n'chaulere. Pakhomo pali chenjezo limene mudzalipezenso pa wailesi yakanema ya ABC ndi SBS, louza anthu a Aboriginal ndi a Torres Strait Islander kuti mkati muli zithunzi, mawu ndi maina a anthu omwalira. Si mwambo wongokometsera. M'madera ambiri dzina la womwalira silitchulidwa kwa nthawi. David Gulpilil, amene anayamba ndi Walkabout mu 1971 ndipo ndiye mawu ofotokoza nkhani mu Ten Canoes ya 2006, atamwalira mu Novembala 2021 banja linapempha kuti ayambe watchedwa David Dalaithngu. Manyuzipepala anatsatira mpaka banja litalola dzina lakale. Kwa wolemba, njira yake ndi iyi: musanasindikize, fufuzani zimene banja lanena posachedwapa, ndipo tchulani mtundu weniweni wa munthuyo ndi chiyankhulo chake. Gulpilil anali Myolngu wa ku Arnhem Land. Kungoti "Aboriginal" kuli ngati kunena kuti filimu ina ili m'chiyankhulo cha "Chiafirika".

Zowerenga zili motere. Cinema Papers, magazini imene inatuluka kuyambira m'ma 1970 mpaka 2001, inaikidwa pa intaneti ndi University of Wollongong, ndipo phindu lake lalikulu ndi zokambirana zazitali ndi ojambula ndi mapulojusa: ananena okha za lenzi, mtundu wa filimu ndi kumene ndalama zinachokera. Senses of Cinema, imene inayamba mu 1999 muno mu Melbourne, ndi yaulere. Metro ndi magazini ya bungwe la aphunzitsi, choncho imalongosola mofatsa. Wofuna zodula za m'manyuzipepala akale apite ku AFI Research Collection ya ku RMIT.

Lachitatu lililonse madzulo Melbourne Cinémathèque imaonetsa mafilimu awiri motsatizana muno mu ACMI. Mumalipira umembala, osati tikiti ya filimu imodzi. Kulemba mumdima kuli ndi luso lake: kope lalikulu, pensulo osati foni, mizere itatu yokha patsamba kuti isakwerane, chala chakumanzere chikhale pamene mwalekezera. Lembani zimene mwaona ndi kumva, maganizo adzabwera panja. Mukangotuluka konzani zolembazo musanayankhule ndi munthu, chifukwa maganizo a mnzanu amalowa msanga n'kukhala ngati anu.

Lachinayi, mumsewu wa Hume

Maola oposa 8 pa basi. Tadutsa chikwangwani cha Glenrowan, kumene Ned Kelly anagwidwa mu 1880. Nkhosa, mabulugama, nkhosa. Msana ukuwawa. Mnyamata wokhala naye mpando anandigawira tchipisi n'kugona paphewa langa mpaka ku Yass.

Lachisanu, Canberra

National Film and Sound Archive, nkhokwe ya dziko yosungira mafilimu ndi mawu, ili ku Acton, m'nyumba imene kale munkasungidwa ziwalo za anthu ndi nyama zophunzirira. Inaima payokha mu 1984. Wofuna kuonera chinthu cha m'nkhokwe alembe kalata milungu ingapo asanabwere, atchule mutu ndi nambala ya m'kaundula wawo wa pa intaneti. Zambiri sizisungidwa m'nyumba ino, ndipo zina sizingaonetsedwe mpaka zitakopedwa.

Chifukwa chimene mafilimu akale ambiri a dziko lino anatayikira chili m'chinthu chimene anajambulidwapo. Filimu ya nitrate, yogwiritsidwa ntchito mpaka kumayambiriro kwa ma 1950, imayaka ngakhale m'madzi. Ikamakalamba imanata, imachita thovu, kenako imasanduka ufa wofiirira. Ya acetate imene inabwera pambuyo pake siyaka chotero koma ili ndi nthenda yakeyake: ikakhala pofunda ndi pachinyezi imatulutsa fungo la viniga, imafota, imapindika, ndipo mpweya wake umayambukira zitini zoyandikana. Mankhwala ake ndi kuzizira ndi kuuma basi. Mitundu nayo imasuluka mosalingana. Wobiriwira wa buluu ndi wachikasu amayamba kutha, n'chifukwa chake makope akale amaoneka a pinki. Wolemba wosadziwa izi amayamikira dayirekita chifukwa cha "kusankha mitundu yofiira" pamene chitini chinangokhala padzuwa.

Masana ndinawolokera ku National Library kukagwiritsa ntchito Trove, nkhokwe yosakiramo manyuzipepala akale, ngakhale imapezeka paliponse pa intaneti. Manyuzipepala ambiri amalekeza 1954, koma Canberra Times imafika 1995, ndiye ndemanga za m'ma 1970 ndi 1980 muziyamba kuzifuna mmenemo. Sakani ndi mawu a nthawiyo, "pictures" kapena "picture show", ndipo yesani dzina molakwika pang'ono, chifukwa kompyuta yowerenga masamba akale imasokoneza zilembo. Yesaninso mitu ina. Wake in Fright inkatchedwa Outback kunja, Mad Max 2 ku America ndi The Road Warrior.

Kanthu kena kamene kamanamiza ambiri ndi utali wa filimu. Ku kanema zithunzi zimayenda 24 pa sekondi, pa DVD ya PAL, dongosolo la wailesi yakanema la kuno, zimayenda 25. Filimu ya mphindi 100 imatha pa 96, ndipo mawu amakwera pang'ono. Musathamangire kulemba kuti yadulidwa. Ogula ma DVD kuno adziwenso kuti ndi a Region 4, ndiko kuti okhomedwa kuti azisewera pa makina a chigawo chimenechi, ndipo makina ogulidwa ku Malawi kapena ku South Africa akhoza kuwakana. Blu-ray ilibe vutolo, Australia ndi Africa onse ali mu Region B.

Canberra imagona msanga. Pofika 9 koloko ndinapeza malo amodzi okha otsegula, ogulitsa zakudya za ku Vietnam, ndipo msuzi wake unandibwezera moyo.

Loweruka ndi Lamulungu, Sydney

Basi ya maola atatu ndi theka. State Theatre mu Market Street, ya 1929, ndiyo nyumba yaikulu ya Sydney Film Festival, chikondwerero chimene chinayamba mu 1954 ndipo chimachitika mu Juni. David Stratton anachitsogolera kuyambira 1966 mpaka 1983. Anthu wamba amamukumbukira chifukwa cha pulogalamu yake ndi Margaret Pomeranz, pa SBS kuyambira 1986, kenako pa ABC kuyambira 2004 mpaka 2014. Aliyense ankapereka nyenyezi zake mwa zisanu, n'kutsutsana poyera. Stratton ankadana ndi kamera yogwedezeka ya m'manja, ndipo oonera ankadziwa zimenezo, ndiye ankadziwanso kuchotsera pa nyenyezi zake. Ine ndimaona kuti wounika wodziwika zokonda ndi zodana nazo ndi wothandiza kuposa wodzionetsa ngati sikelo. Pomeranz mu 2003 anayesa kuonetsa ku Balmain Town Hall filimu imene bungwe lounika linakana kuipatsa chilolezo, apolisi n'kubwera kudzaimitsa. Kuno wolemba ndemanga amalowanso m'nkhondo ya zoletsa.

Ndemanga zambiri zakunja zimalumpha funso lakuti analipira ndani. Mafilimu a m'ma 1970 sanangophuka ngati bowa. Boma la John Gorton linakhazikitsa thumba la mafilimu mu 1970, sukulu ya mafilimu inatsegulidwa mu 1973, Australian Film Commission inabwera mu 1975. Ndalama za boma zinkakonda nkhani za makedzana, zovala zazitali ndi malo okongola, zoti dziko lionekere bwino ku chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes, ku France, mpaka akatswiri Susan Dermody ndi Elizabeth Jacka anautcha mtundu umenewu dzina la bungwelo. Mu 1981 kunabwera lamulo la msonkho la 10BA: woika dola imodzi mufilimu ankachotseredwa dola imodzi ndi theka pa ndalama zokhomera msonkho. Mafilimu anachuluka, ambiri opangidwa mothamanga kuti athe chaka cha msonkho chisanatseke pa 30 Juni. Mukaona filimu ya 1983 yokhala ndi nkhani yosapsa ndi katswiri mmodzi wa ku America wobwerekedwa, musamuimbe mlandu wolemba nkhani yekha. Crocodile Dundee ya 1986 inatuluka m'dongosolo lomweli, ndipo nayo ili ndi kope lakunja lofupikirapo, lochotsedwa mawu ena a kuno.

Tikiti ya kanema imatsika mtengo Lachiwiri m'malo ambiri. Ndinaphonya. Ndadya choc-top, ayisikilimu wokutidwa chokoleti cholimba amene anthu amakonda kudyera ku kanema, ndipo theka linagwera pa malaya.

Lolemba, m'sitima ya ku Broken Hill

Sitima yachindunji imanyamuka pa siteshoni ya Central ku Sydney kamodzi pa sabata, Lolemba cha m'ma 6 koloko m'mawa, ulendo wa maola 13. Masiku ena mumakwera ya ku Dubbo n'kulumikiza basi. Nyamulani madzi ndi chakudya chanu, ndipo tsitsani kale zowerenga chifukwa netiweki imasowa kwa maola.

Pokwera Blue Mountains ndinakumbuka Jedda, ya Charles Chauvel ya 1955, filimu yankhani yoyamba ya Australia yamitundu komanso yoyamba kupatsa anthu a Aboriginal mbali zazikulu. Inajambulidwa ku Northern Territory, koma negetivi, filimu yochokera m'kamera, inkatumizidwa ku London kukatsukidwa, ndipo mpukutu womaliza unatayika pa ngozi ya ndege. Mathero anawajambulanso ku Kanangra Walls, kumwera kwa mapiri ano. Olemba ambiri atamandapo "phompho la kumpoto" m'mathero amenewo, osadziwa kuti akuyang'ana New South Wales.

Kupitirira Parkes mitengo imafupika, kupitirira Ivanhoe dothi limafiira. Nthiwatiwa za kuno, ma emu, zimathamanga m'mbali mwa njanji. Ku Menindee tinawoloka mtsinje wa Darling, umene eni ake, Abarkindji, amautcha Baaka. Bambo ena opuma ntchito ya m'migodi anandikumbutsa kubweza wotchi ndi mphindi 30. Broken Hill ili ku New South Wales koma imayendera nthawi ya ku Adelaide.

Lachiwiri, Broken Hill ndi Silverton

Misewu yake ndi maina a miyala ndi mankhwala: Argent, Oxide, Sulphide, Bromide. Mulu wa zinyalala za mgodi wadutsa pakati pa tawuni ngati phiri. Dziko ili ndi la Awilyakali.

Wake in Fright inajambulidwa kuno ndi Ted Kotcheff wa ku Canada, n'kutuluka mu 1971. Zakunja ndi za kuno, zambiri za m'nyumba ndi za ku Sydney. Kwa zaka zambiri inkangopezeka m'makope otha, ndipo ndemanga zinkalembedwa kuchokera m'chikumbumtima. Amene anailumikiza, Anthony Buckley, anasakasaka negetivi mpaka inapezeka ku Pittsburgh m'bokosi lolembedwa kuti liwonongedwe. Yokonzedwanso inaonetsedwa ku Cannes mu 2009. Choncho ndemanga ya 1995 ndi ya 2010 sizikunena za chithunzi chimodzi. Kusaka kangaroo kumene kuli mufilimuyi ndi kwenikweni, anatsagana ndi alenje a chilolezo, ndipo owerenga anu muziwachenjeza. Juga ya two-up, yoponya makobidi awiri m'mwamba, m'malo ambiri imaloledwa pa masiku ochepa okha monga 25 Epulo, koma kuno imaseweredwa chaka chonse ku Palace Hotel, hotela ya zojambula m'makoma imene ili mu The Adventures of Priscilla, Queen of the Desert.

Ku Silverton ndi makilomita 25, msewu wa tara wokhala ndi makwawa ambiri ouma amene amadzaza mvula ikagwa. Galimoto ya hayala werengani pangano lake, ambiri amaletsa misewu yafumbi. Bwererani dzuwa lisanalowe chifukwa kangaroo amatuluka chisisira. Abulu amayendayenda pakati pa nyumba zamiyala, ntchentche zimalowa m'maso ndi m'kamwa, ndipo kaneti kovala kumutu n'kofunika kuposa kamera yachiwiri.

Makilomita ochepa kutsogolo kuli Mundi Mundi, pamene msewu umatsetserekera m'chigwa chopanda malire. Apa ndi pamene George Miller ndi wojambula Dean Semler anapangira Mad Max 2 ya 1981. Ukaima pano umamvetsa liwiro la magalimoto a mufilimuyo. Chigwa chilibe mtengo kapena nyumba yoyezera kuthamanga, ndiye kamera anaitsitsa pafupi ndi tara kuti msewu womwewo uzithamanga m'munsi mwa chithunzi, ndipo zina anazijambula ndi zithunzi zochepera 24 pa sekondi kuti poonetsa zifulumire. Anajambula m'nyengo yozizira, anthu ovala zikopa zong'ambika aja ankanjenjemera. Mad Max yoyamba, ya 1979, si ya kuno, ndi ya m'mbali mwa Melbourne, ndipo ku America inaonetsedwa ndi mawu a anthu ena oikidwa pamwamba. Wounika kasewero ka Mel Gibson pa kope limenelo akuunika mawu a munthu wina.

Fury Road ya 2015 inayenera kujambulidwa pano. Mvula yambiri inagwa, chipululu chinamera maluwa, gulu lonse n'kusamukira ku Namibia, kufupi ndi Swakopmund. Mchenga umene ndemanga zina zimautcha "mtima wa Australia" ndi wa Namib. Lero nalonso chigwa chili ndi kaubweya kobiriwira.

Lachitatu, Burra

Msewu wa Barrier, maola anayi. Pa Oodla Wirra pali malo oyendera zipatso pofuna kuteteza minda ku ntchentche yowononga. Malalanje anga awiri anathera m'bini. Idyani musanafike.

Burra ndi tawuni yakale ya mgodi wa kopa, m'dziko la Angadjuri. Pa ofesi ya alendo mumagula chiphaso n'kupatsidwa kiyi wotsegulira nokha malo akale, kuphatikizapo ndende ya Redruth. Mapiri opanda mitengo ozungulira pano ndiwo anakhala Transvaal ya ku South Africa mu Breaker Morant ya Bruce Beresford ya 1980, yothandizidwa ndi South Australian Film Corporation, bungwe limene boma la Don Dunstan linakhazikitsa mu 1972. Nkhani yake ndi mlandu wa asilikali ochokera ku Australia, a m'gulu lankhondo la Britain, amene anapha akaidi pa nkhondo ya Mabunu, woweruzidwa ku Pietersburg, lero Polokwane, mu 1902. Udzu wouma ndi thambo zimanamizadi, amene anayendapo msewu wa ku Limpopo akhoza kuvomera pang'ono. Chosowa ndi minga, zulu za chiswe, ndi anthu. Nkhondo imeneyo inadutsa m'midzi ya anthu akuda, ambiri anafera m'misasa yotsekeredwa, koma mufilimuyi amangooneka m'mphepete. Ndemanga za kuno zinatanganidwa ndi funso lakuti Britain inapereka nsembe Aaustralia kapena ayi. Wolemba wochokera kummwera kwa Africa ali ndi funso lina loti afunse, ndipo umboni wake uli m'chithunzi momwemo: awerenge kuti ndi anthu akuda angati amene akuyankhula.

Martindale Hall ili pafupi, kupitirira theka la ola pagalimoto. Ndiyang'ana maola otsegulira m'mawa, ndione masitepe a sukulu ija ndisanabweze galimoto ku Adelaide. Kiyi wa ndende ndabweza kale. Miyendo yatupa, ndipo kope latsala masamba anayi.